Phazi la Firiji Silinaoneke

Bwana Curtis Whitlock, mkulu wa fakitale yathu kuno ku Port Huron m'chigawo cha Michigan, ndi akuluakulu nonse mwakhala pa tebulo la nsalu yoyeralo, ndakuonani. Bambo Gilles Fortin, wapampando wa bungwe la ogwira ntchito ku Sarnia, kutsidya ku Canada, ndi anzathu nonse mwawoloka mlatho masana ano, takulandirani. Magalimoto mwaimika mopingasa, koma lero sitinena kanthu. Bambo Leonard Pruski, amuna a eni tsikuli, ana ndi adzukulu. Anzanga a ku makina, a kosungira katundu, a kukantini. Ndi inu eni tsikuli, Mayi Marlene Pruski, amene mwatitsogolera m'bungwe lathu zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo lero mukupuma pa ntchito. Moni nonse.

Ine ndine Travis Beaudry, woyendetsa fokolifiti, kagalimoto konyamulira katundu kaja. Amene simundidziwa nkhope mumandidziwa hutala. Sukulu ndinalekera panjira, ndiye mawuwa ndalemba ndekha pa tebulo la kukhitchini, mwana akundikoka mwendo. Mukamva pena pakugwedera, dziwani kuti ndi pamene amakoka. Lero ndili ndi choti ndiulule. Muchidziwa ndisanakhale pansi.

Ndiyambe ndi nkhani imene inachitika ine ndisanabadwe. Anandiuza ndi Bambo Leonard, ndiye ngati muli bodza mukathana kunyumba.

Chaka choyamba atasankhidwa, Mayi Pruski anati: kampani ndi imodzi, mphira wa zitseko za galimoto timapanga ndi womwewo, chotilekanitsa ndi mtsinje basi, nanga bwanji sitidziwana ndi a kutsidya? Masiku amenewo bungwe lathu ndi la ku Sarnia sankapatsana ndi moni womwe. Ife tinkati a ku Canada amadwala dala poti chipatala n'chaulere. Iwo ankati ife tikhoza kupempha ovataimu pa maliro athu omwe. Ndiye Lolemba lina mu Okutobala amayi anapempha tchuthi, anakwera galimoto, n'kuwoloka.

Kufika pa fakitale ya ku Sarnia, geti lotseka. Utsi palibe. Galimoto ngakhale imodzi. Munthu wina akanafunsa. Mayi Pruski safunsa, amangodziwa. Anati, "Anzathu ali pa sitalaka, ndipo palibe watiuza!" Anang'amba katoni, kulembapo ndi lipisitiki kuti TILI NANU, n'kuyamba kuguba pa geti. Okha. Maola awiri. Mvula ikugwa.

Mlonda anawayang'ana pawindo mpaka chisoni chinamugwira. Anaimbira foni Bambo Fortin. Iwo anafika atavala epuloni, mpeni wochekera nyama uli m'manja.

"Mayi, mukutani pano?"

"Ndikuthandiza sitalaka yanu."

"Sitalaka iti? Lero ndi tchuthi, tsiku lothokoza. Anthu akudya nkhukundembo m'makwawo."

"Tsiku lothokoza ndi mu Novembala, bambo inu."

"Kwanu kumeneko. Ife timathokoza msanga, chisanu chisanatiiwalitse chothokozera."

"Nanga bwanji simunalembe pa geti?"

"Pepani mayi. Dziko lonse likudziwa. Za inu sitinaganize."

Anawatengera kunyumba. Anadya mbale ziwiri, chikwangwani chonyowacho atachitsamiritsa pa mpando. Kuyambira pamenepo banja la a Pruski limathokoza kawiri pa chaka, mu Okutobala kutsidya, mu Novembala kuno. Lamba wa Bambo Leonard ndiye mboni.

Tsopano za ulusi. Aliyense muno akudziwa kuti Mayi Pruski pa tebulo la zokambirana salankhula zambiri. Amaluka. Mabwana amabwera ndi makompyuta, maloya awiri, ndi chithunzi cha pakhoma choonetsa mzere wa phindu ukutsika. Nthawi zonse ukutsika. Ine sindinaonepo mzere wa kampani ukukwera mwezi wa zokambirana, kaya umadwala chiyani mwezi umenewo. Amayi amangotulutsa masingano awiri ndi mpira wa ulusi. Loya alankhula mphindi makumi anayi, thukuta kamukamu. Akamaliza, amayi amadzutsa mutu: "Pepani bambo, ulusi unandipulumuka apa, sindinamve. Tayambiraninso."

Alembi a ku ofesi anaphunzira kusuzumira m'chikwama mwawo pa geti. Mpira umodzi, tithana Lachitatu. Iwiri, abwana auze akunyumba kuti ulendo wokawedza nsomba walephereka. Itatu, maloya ayambe kufunsa nyumba za lendi. Bwana Whitlock, chipewa chofiira mumavala pokolopa chipale chofewa pakhomo panu chija anakulukirani chaka chimene munafuna kutidulira mphindi khumi za khofi. Chimakukwanani bwino, eti? Anali ndi masiku asanu ndi anayi okuyezani mutu ndi maso.

Kampani nayo imakonda kukambirana, tisainamizire. Chaka ndi chaka imatitengera ku hotela, ife ndi a kutsidya, ku chimene amachitcha kumanga mlatho wa kumvetsetsana. Mlatho ulipo kale, timalipira powoloka, koma chabwino. Kumeneko timamata mayina pachifuwa, timaponyerana kampira, wowakha anene chimene amaikondera kampani. Za malipiro n'zoletsedwa, akuti zimaononga mzimu wa msonkhano. Amatiuza kuti ndife banja limodzi. Ndipo n'zoona. Ndi banja lija bambo amaitanira mwana uyu kuseri n'kumuuza kuti, "M'bale wako amadya pang'ono, sadandaula," kenako n'kuitana winayo, mawu omwewo.

Ndifike pa lole. Zaka zinayi zapitazo. Atsopano mvetserani, akale musanditsogolere.

Lolemba lina m'mawa tinapeza lole pa geti, itasenza chinthu chachikulu ngati kanyumba, chokutidwa ndi lona wabuluu. Anatisonkhanitsa. Anati awa ndi makina atsopano ochokera ku Germany, ndipo alipo amodzi okha. Fakitale imene iwalandire ili ndi ntchito zaka khumi ndi zisanu. Inayo... apa abwana anayang'ana pansi mwachisoni. Munachita bwino pamenepo, bwana, ena analira. Kuti makina atsike kuno, tinayenera kuvomera kuti ana athu achoke pa inshuwalansi ya chipatala ya kampani, aliyense azionera yekha. "A ku Sarnia sativutitsa ndi zimenezi," anatero, "kwawo limalipira ndi boma." Kutsidya anawauza kuti makina atsika kwawo akavomera kugwira Loweruka lililonse, "poti a ku Port Huron kupuma sakudziwa n'komwe."

Lole inkakhala kuno Lolemba mpaka Lachitatu. Lachinayi inkawoloka kukaima pa geti la ku Sarnia. Ikamachoka, anthu ankaima m'mawindo ngati akuperekeza maliro. Ikabwera, ena ankasisita lona podutsa. Bambo Dwayne a ku boyila ankaivulira chipewa. Musabise nkhope bambo, ndinkakuonani. Ngakhale Mayi Pruski ndi Bambo Fortin anayamba kulankhulana mwaulemu kwambiri pa foni, ulemu uja wa anthu oti aliyense akuopa kuti mnzake asaina mawa. Chaka chimenecho nkhukundembo ya mu Okutobala aliyense anadyera kwawo.

Ine lona ameneyo sindinkamusisita. Ndinkadziwa za mkati. Anapakira ndine.

Eya. Khalani chete chomwecho, ndimalize ndisanathawe.

Lamulungu masana, dzulo lake la Lolemba loyamba lija, anandiitanira kosungira katundu kwakuseri kuja. Tinalipo atatu: abwana, dalaivala wa lole wochokera kutali, ndi ine. Ndinakweza firiji yobiriwira yakale ya kukantini, makabati anayi achitsulo opanda zitseko, ndi thanki yobooka ya ku boyila. M'mbali tinakhoma matabwa kuti chioneke chinthu chimodzi cha ngodya zinayi. Ndinamanga lona. Abwana anati ichi ndi chinsinsi cha kampani, kenako anandifunsa mokoma kuti mkazi wanga ali bwanji, mwana abadwa liti. Ndinamva. Dalaivala anandionetsa mapepala a pamlatho akuseka. Analembapo kuti zitsulo zotha ntchito. Pa nkhani yonseyi, anthu okhawo amene kampani inawauza zoona ndi a kasitomu oyang'ana katundu pa malire.

Shauna, mkazi wanga, uyo wanyamula jekete ya mwanayo, anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo adokotala anali atanena kale kuti mwana ameneyu sadikira nthawi yake. Ndiye taonani pamene ndinaima. Ndikanena, ntchito yatha, inshuwalansi yapita nayo. Ndikakhala chete, anzanga avota kuchotsa ana pa inshuwalansi chifukwa cha firiji, ndipo woyamba kuchotsedwa ndi wanga, asanabadwe n'komwe. Masabata atatu ndinkadya osamva mchere. Chipilala cha pa khomo lachitatu ndinachigunda kawiri, ine munthu woti sindinagundepo kanthu chiyambire.

Voti inali Loweruka. Lachiwiri pa nkhomaliro ndinawapeza Mayi Pruski m'galimoto mwawo akuluka. Ndinagogoda pa galasi.

"Lowa msanga, ukundilowetsera mphepo."

Ndinanena zonse ndikuyang'ana nsapato zanga. Masingano sanaime.

"Firiji yake iti?"

"Yobiriwira ija, amayi."

"Ya chitseko chomanga ndi waya?"

"Yomweyo."

"Ha! Zaka makumi awiri ndakhala ndikuwauza kuti aitaye. Kani anaikweza pa udindo."

Ine sindinaseke. Ndinati, "Amayi, akadziwa kuti ndanena ndine, ndatha. Tinalipo atatu okha."

"Wauza ndani?"

"Palibe."

"Mkazi wako?"

"Ayi."

"Chitsiru iwe. Pita ukamuuze mkazi wako. Ena onsewo undisiyire ine. Ndipo konza nkhopeyo usanatuluke, ukuoneka ngati munthu woti wangonena zoona."

Tsiku lomwelo anaimbira Bambo Fortin. Zimene anapangana sindikuzidziwa. Ndinangomva kuti bambowa anatukwana m'Chifalansa mphindi zisanu osapuma, kenako n'kufunsa kuti keke agule yaikulu bwanji.

Lachinayi lole inawoloka. Lachisanu titaweruka tinakwera mabasi awiri. Amayi anasiya uthenga ku ofesi kuti ife tagonja, a ku Sarnia apambana, tikupita kukawayamikira ndi kutsanzikana ndi makina. Abwana atamva anatitsatira pa galimoto yawo, jekete ataiwala pa mpando.

Kutsidya tinapeza fakitale yonse ili pa geti. Keke yolembedwa kuti TAKULANDIRANI MAKINA. Wojambula wa nyuzipepala. Ndi wansembe, msuweni wa Bambo Fortin, atanyamula madzi odalitsa. Bambo Fortin anavula chipewa.

"Mabwana, ife takonzeka kusaina. Tingopempha muvundukule pang'ono, bambo mfumu awaze madzi. Kwathu kuno makina sayamba ntchito osadalitsidwa."

Mkulu wa fakitale ya kumeneko anati makina a ku Germany sagwirizana ndi chinyezi.

Wansembe anati, "Ndiwaza pang'ono, mwana wanga. Ndimabatiza makanda, sanachitepo dzimbiri."

Bwana Whitlock anafika akupuma mwawefuwefu, anati lona akachotsedwa popanda katswiri, a ku Germany akwiya.

Pamenepo Mayi Pruski anayamba kuzungulira lole pang'onopang'ono, ulusi ukukwekwereka kuchokera m'thumba. Anaima. Anawerama. Kenako anakuwa kuti aliyense amve: "Iii! Phazi ili ndikulidziwa ine! Landipunthwitsa zaka makumi awiri kukantini. Curtis, firiji yathu ikutani ku Canada?"

Dalaivala anamasula zingwe yekha, anati iye watopa, mwezi wathunthu akuyendetsa zinyalala uku ndi uku ngati zili pa tchuthi. Lona atagwa, waya uja anaduka, chitseko cha firiji chinatseguka. Munali botolo la sosi la Bambo Dwayne, dzina lawo lili pomwepo. Wansembe anati poti wabwera kale, anawaza basi. Keke tinadya.

Lolemba lake ndinalandira kalata yochenjeza. Ili mu fayilo yanga mpaka lero. Akuti, kumanga lona mosasamala mpaka katundu kuonekera. Ndinasaina. Ndinathokozanso.

Bwana Whitlock, ndadikira zaka zinayi kuti ndinene izi. Phazi silinaoneke. Lona uja ndinamanga ndine. Zingwe zisanu ndi zitatu, mfundo ziwiriziwiri, m'munsi ndinapinda kawiri n'kupanikiza ndi thabwa. Ngakhale nyerere sikanalowa. Amayiwa anawerama, anayang'ana lona womangidwa bwinobwino, n'kunama pamaso pa wansembe. Anatero kuti inu muziti Travis ndi wosasamala, musamati Travis ndi wapakamwa. Wosasamala amalandira kalata. Wapakamwa amalandira katoni yolongezamo zinthu zake.

Zaka zinayi sanauze munthu. Ngakhale Bambo Leonard akumva lero, taonani kukamwako. Tsekani bambo, muli ana pano.

Zokambirana za chaka chimenecho zinatenga masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Kanali koyamba ife ndi a ku Sarnia kukhala tebulo limodzi, mbali imodzi. Amayi analowa ndi mipira isanu ndi umodzi, mlembi wa pa geti anachita kukhala pansi. Ana anatsala pa inshuwalansi. A ku Sarnia anatsala ndi Loweruka lawo. Ndipo mu mgwirizano munalowa ndime 31, yoti palibe wochotsedwa ntchito kapena kulangidwa chifukwa chouza bungwe, la kuno kapena la kutsidya, zoona zokhudza zokambirana, kaya ananena liti. Mawu atatu omalizawo, kaya ananena liti, amayi anawakakamira masiku awiri athunthu. Maloya ankafunsana kuti mayiyu akufunanji ndi timawu timeneti. Ine ndinkadziwa. Ndimeyo ndaiwerenga kasanu sabata ino. Ndamuwerengetsanso Shauna, poti iye sukulu anamaliza. Ili m'thumba muno. Mgwirizanowu ukutha kumapeto kwa mwezi uno, ndiye ndati ndinene lero ikadali ndi mphamvu.

Mwana wathu Josie anabadwa kutatsala masabata asanu ndi awiri kuti nthawi ikwane, wopepuka ngati paketi ya shuga. Anakhala m'kabokosi kagalasi mwezi ndi theka, mapaipi ali m'mphuno. Tsiku lililonse ndinkaima pa galasipo ndikuganiza chinthu chimodzi: tikanavota Loweruka lija, bwenzi pano ndikugulitsa galimoto, kenako nyumba, kenako sindikudziwa. Tsiku lotuluka, amayi anabwera ndi bulangete limene analuka pa masiku khumi ndi asanu ndi anayi aja. Lalitali loti n'kufunditsa fokolifiti. Pali pena pothina kwambiri, akuti ndi pamene loya ankafotokoza za banja limodzi. Mwanayo ndi uyo ali pansi pa tebulo la keke, akuganiza kuti sitikumuona. Josie, tuluka. Zalazo usapukutire diresi.

Mayi Pruski, ine mawu okometsera ndilibe. Ndinena zimene ndikudziwa. Muli anthu muno amene anabwerera pa ntchito chifukwa munakana kutuluka mu ofesi ya abwana. Muli akazi amasiye amene munawadzazira mapepala a penshoni pa tebulo lanu, Bambo Leonard akudikira chakudya. Munatikalipira tikalakwa, ndipo simunatikalipirepo pamaso pa abwana. Mwawoloka mlatho uja kambirimbiri pa petulo wanu, pa chisanu, kuti anthu awiri opanga chinthu chimodzi asamaopsezedwe ndi dzina la mnzawo. Ana anu anakubwerekani kwa ife zaka zonsezi. Bambo Leonard, ana inu, zikomo, tikukubwezerani lero. Atha pang'ono m'mawondo, koma pakamwa pali bwinobwino. Za mwana wanga sindinena zambiri. Mukumuona. Akupuma yekha, akuba keke. Zikomo, amayi.

Anzanga, mwezi watha munavota, ndipo pa zifukwa zimene sindikuzimvetsa munasankha ine kulowa m'malo mwawo. Ndinapita kukakana. Ndinati, "Amayi, ine ndine wamantha."

Anati, "Ndikudziwa, n'chifukwa chake ndinakutchula. Olimba mtima ndawaona ambiri, amasaina msanga kuti akaomberedwe m'manja. Iwe uwerenga kasanu, n'kukamudzutsanso mkazi wako."

Tamva kale kuti chaka chino kuli fakitale ina ya kampani kumwera, ku Mexico, kumene akuti anthu ake sadwala, sabereka, ndipo tchuthi amachita kuchikana. Amayi andisiyira nambala ya foni ya mayi wa bungwe la kumeneko. Ndinaimba Lachiwiri, mlamu wanga akumasulira. Mayiyo anaseka mpaka kutsokomola. Akuti nawonso anauzidwa kuti ku Michigan anthu sadwala. Akuti pa geti pawo paima lole. Ndinafunsa mtundu wa lona. Wabuluu. Dzulo ndinapita kuseri kuja kukayang'ana, firiji yobiriwira ija sindinaione. Sindikunena kanthu, bwana. Ndangoti sindinaione.

Ndiye Bwana Whitlock, Lolemba tikumana, ine ndi Bambo Fortin mbali imodzi, mayi wa ku Mexico pa foni. Choyamba pa mndandanda, ndime 31 ikhale pomwe ilipo. Chachiwiri, kalata ija ichoke mu fayilo yanga, chifukwa ndi yabodza ndipo imandipweteka, ine lona ndimamanga bwino. Amayi andipatsa masingano awo. Ulusi ndagula mipira inayi. Kuluka sindidziwa, ndikaphunzirira pomwepo. Muwauze akunyumba asakudikireni.

Mayi Pruski, pitani mukapume. Muzikadzuka nthawi imene thupi lafuna. Muzikaluka zinthu zoti palibe loya akuvutika nazo. Muzikathokoza kawiri pa chaka monga mwa nthawi zonse, koma musanawoloke mlatho muziyamba mwayang'ana kalendala. Mulungu akupatseni zaka zambiri, mudzaone Josie akumaliza sukulu imene bambo ake anaithawa. Foni yokha Lolemba musazimitse. Sindiimba ayi. Ingokhalani nayo pafupi.

Anzanga, a kuno ndi a kutsidya, tiyeni tiimirire. Mabwana, nanunso, sizichotsedwa pa malipiro. Bambo Dwayne, chipewa chija munkavulira firiji, chivuleni tsopano pa malo oyenera. Tiwaombere m'manja Mayi Marlene Pruski, mwamphamvu, mpaka a kasitomu amve pa mlatho!